Dzina Lachisanu ndi Chinayi

Tinakhala pathanthwe pamwamba pa phiri la Dedza,
nsapato titavula, masokosi akufuka nthunzi,
kumbuyo kwathu nsanja za mafoni zikung'ung'udza
ngati njuchi zosowa mng'oma.
Yotamu ndiye anayambitsa.
Analoza ndi nthochi yosenda theka
kum'mawa, kumene chifunga chinang'ambika pang'ono:
"Kamzere kotuwa kaja mukukaona? Ndi madzi amenewo.
Loweruka likudzali titsetsereke Khwekhwerere,
tikapalase makayaki."

"Makayaki n'chiyani?" anafunsa a Kamtukule,
amene anakwera phiri lonse atavala jekete ya suti.
"Timabwato tapulasitiki, bambo, towonda ngati khoko la mtedza,
nkhafi yake ya mitu iwiri."
A Kamtukule anapukusa mutu,
kenako n'kukweza dzanja wina aliyense asanakweze.

Msungichuma ndine. Kope limakhala ndi ine.
Ndinalemba: minibasi, kupita ndi kubwera.
Ndinalemba: mabwato, obwereka kwa mnzake wa Yotamu
yemwe foni yake imagwira akakwera pachulu.
Mabanzi, shuga, mafuta odzola a dzuwa.
Majekete oyandamitsa asanu ndi anayi,
ayi, asanu ndi atatu, ina inaduka zipi.

Mwandida, amene malume ake ndi asodzi ku Mtakataka,
anayika kapu pansi.
"Julayi uno? Mwera ukadzuka
sufunsa ngati munalipira kale.
Tilowe m'madzi nkhuku zikutsika m'khola,
tituluke tiyi asanazizire m'fulasiki.
Ndipo pasapezeke wokapikisana ndi mbalame kutali uko,
tiziyenda mphepete, pooneka mabango."
Onse anavomera. Ine ndinkanola pensulo yonoleka kale.

Ndinabadwira ku Bembeke, pakati pa mizere ya kachewere.
Madzi akuya amene ndimawadziwa
ndi a m'dambo, ofika m'mawondo,
otunga ndi kheni pothirira kabichi.
Miyendo iyi yakwera Chongoni, yakwera Chirobwe,
sinapemphepo kupuma,
koma sidziwa chochita pansi pakasowa.
Amayi ankati, phiri likakugwetsa limakusiyira chitsa chogwira.
Za madzi sankamaliza chiganizo.

Ndiye ndinawerenganso: anthu asanu ndi anayi,
majekete asanu ndi atatu.
Khomo ilo, lotsegula bwinobwino.
"Ine nditsala," ndinatero, "ndiziyang'anira zikwama.
Ndalama za gulu sizifuna kunyowa."

Lozaliya, telala wa kuseri kwa msika,
sanandiyang'ane n'komwe.
Ankachotsa chisoso pa siketi yake, chimodzichimodzi.
"Jekete yoduka zipiyo ibwere kwanga Lachitatu."
Khomo lija linatsekeka, phaa,
anyani a kutsidya mpaka anatembenuka.

Potsika, m'mapaini, singano zouma zikuterera,
anandipeza ndili ndekha kumbuyo.
"Liliponso la anthu awiri," anatero motsitsa mawu.
"Iwe kutsogolo, ine kumbuyo.
Chaka chatha bondo langa litakana pa mtsetse uno
unanyamula chikwama changa mpaka pamsewu,
sunauze munthu.
Nanenso sindiuza munthu."
Anadutsa, n'kuyamba kukalipira Yotamu za khoko la nthochi.

Usiku uno chisanu chikulowa pansi pa chitseko.
Ndakhala pamkeka pakati pa nyumba,
miyendo yotambasula, ndodo ya mopu m'manja,
kumanja, kumanzere, kumanja,
simenti yonseyi ndikuipalasa.
Mwana wanga wasuzumira pakatani,
waseka mpaka kutsamwa,
kenako wabwera kudzakhala kumbuyo kwanga, akuti ndikukhota.

Kope lili patebulo, lotsegula.
Mayina asanu ndi atatu ndi a bolopeni.
Lachisanu ndi chinayi ndalilemba ndi pensulo,
ndipo labala
ndamupatsa mwanayu akabise kumene sindikudziwa.